Yunifomu Yochokera ku Italiya

Pietrasalda, Italiya
9 Malichi 1998

Okondedwa asibweni a Peterson,

Ndikudziwa nkhawa imene muli nayo musanang'ambe n'komwe envelopu iyi. Mukuganiza kuti mwana wa mlongo wanu watayika kwa Azungu, tchalitchi waiwala, ndipo akudya achule. Mtima pansi, asibweni. Achule sindinawaonebe m'mbale. Nkhono ndiye ndaziona, koma ndinakana mwaulemu. Ine ndili bwino, kaya inu kumeneko, ama, ndi onse a pa Chintheche? Ndalemba m'Chichewa poti paja munati Chitonga changa cha papepala chimakupwetekani maso.

Ndikugwirabe ntchito pa kahotela ka bambo Tullio, omwe aja ananditenga ku loji ya ku Kande. Tauni ino ndi yaing'ono, ili pa phiri loyang'ana nyanja yamchere, nyumba zake zamiyala zosanjikizana ngati zisa za mavu. Nyengo yozizira mumangotsala nkhalamba ndi amphaka, chifukwa achinyamata anathawira kumizinda monga mmene athu amathawira ku Joni. Koma kumapeto kwa Juni kumakhala chikondwerero chokumbukira tsiku limene makolo awo anapirikitsa Asaraseni, achifwamba a panyanja amene ankabwera kudzagwira anthu. Akuti mabasi a alendo amadzaza msewu mpaka kutsinde kwa phiri, ndipo tauni yonse imadya chaka chathunthu kuchokera pa sabata imodziyo.

Tsopano nayi nkhani yabwino. Mwezi wa Ogasiti uliwonse bambo Tullio amatenga gulu la Ataliyana kukaona Africa, ndipo chaka chino akubwera nawo kwathu. Ndinawauza za gule wathu wa malipenga. Ndinawauzanso kuti gulu lathu lovina, lija timalitcha boma la Gilasigo, lasiya kuvina chifukwa yunifomu inatha. Iwo analumpha pampando nati, "Zovala undisiyire ine. Angowavinira alendo anga tsiku limodzi, basi."

Asibweni, kuno ndi kwawo kwa matelala! Ngakhale wosesa mumsewu amavala nsapato zoti a DC angazisirire. Tumizani msanga miyeso ya amuna onse.

Ndine mphwanu,
Howard

*

Chintheche
5 Epulo 1998

Wokondedwa mphwanga Howard,

Kalata yako yafika. Ndaiwerenga ndekha, kenaka ndakaiwerenga mokweza pamaso pa boma lonse, pansi pa mtengo wa mango kwa a Jeremiah, Kingi wathu. Tonse tili moyo. Amayi ako miyendo ikuwavutabe, koma pakamwa ali bwino kwambiri.

Ulole ndikufotokozere kanthu kena, popeza iwe unachoka usanalowe pamzere, ndipo ndikufuna ukawafotokozere bwino bambo Tullio. Malipenga si kudumphadumpha ayi. Agogo athu anaona asilikali akuguba pa nthawi ya nkhondo ya Ajeremani, ndipo anati, "Izi ifenso tingathe, komanso tingazikongoletse kuposa eni ake." N'chifukwa chake boma lili ndi Kingi, lili ndi Ajitanti, amene ndine, ndipo lili ndi Dokotala. Gule asanayambe Dokotala amayendera mzere kuona zikhadabo, makutu ndi kolala. Munthu wa kolala yakuda amabwezedwa, ngakhale akhale katswiri woimba lipenga. Gule wathu theka lake ndi mwendo, theka lake ndi simbi yositira. Anzathu a kumwera amatiseka kuti Mtonga amapita kukavuula chinangwa atamanga tayi. Sanama kwenikweni, ndipo ife sitichita nazo manyazi.

Yunifomu imene tili nayo inasokedwa iwe usanabadwe. Makabudula ali ndi zigamba pamwamba pa zigamba, ndipo malaya amene anali oyera tsopano akufanana ndi madzi a pachithaphwi. Zaka zapitazi anzathu a boma la Joni, a ku Kande, akhala akutiitana kuti tikakumane pabwalo, ife n'kumakana ponamizira maliro. Chaka chino atiitananso ku Bandawe, Loweruka lomaliza la Ogasiti. Titamva kalata yako, tavomera. Kingi wawo, a Zacharia, akuti anaseka mpaka kutsokomola, nati, "A Gilasigo adzabwera atavala chiyani, masaka a feteleza?" Boma limene lavomera n'kulephera kuonekera limafa, mphwanga, dzina lake silitchulidwanso. Ndiye uone kukula kwa chimene watichitira.

Miyeso ndi imeneyo papepala linalo. Anatiyeza ndi a Enos atelala. Aliyense tepi ikamafika pamimba ankakoka mpweya ngati akumira, choncho uwauze osokawo awonjezere pang'ono m'chiuno. Tikufuna kabudula woyera, malaya oyera a kolala yolimba, masokosi ofika m'mawondo, tayi yofiira ndi kampango ka m'manja. Ndodo tili nazo zathu.

Tawonga ukongwa, tathokoza kwambiri. Usaleke kupemphera.

Sibweni wako,
Peterson Longwe

*

Pietrasalda
11 Meyi 1998

Okondedwa asibweni,

Moni nonse. Ndakondwa kumva kuti muli bwino. Pepala la miyeso ndinalipereka. Bambo Tullio analiyang'ana, naseka, nalipinda m'thumba. Anati, "Osavutika, zimene ndagula zimakwana aliyense." Ndikuganiza kuti ndi makabudula a lasitiki m'chiuno, ndiye a mimba aja asade nkhawa. Za Dokotala woyendera makolala ndinawafotokozera, koma foni inalira tili pakati. Katoni yanyamuka kale. Ine sindinaione mkati poti inachokera kusitolo ya mumzinda ili yomata.

Nanenso ndili ndi nkhani yanga. Komiti ya chikondwerero yandisankha kukhala Mfumu ya Asaraseni! Akuti zaka zonse udindowu umagwera wophika buledi, koma chaka chino onse anagwirizana pa ine popanda wotsutsa. Ndidzafika pa bwato, nditavala chisoti chachifumu, tauni yonse ikundidikira padoko. Mwana wa Bessie, wotsuka mbale! Muwauze a Jeremiah kuti tsopano ma Kingi tilipo awiri.

Kukonzekera kuli mkati, ngakhale zina zikundidabwitsa. Pali gogo wina moyandikana nafe amene tsiku lonse amaonera wailesi yakanema. Komiti yamubweretsera chopotera ulusi kuti alendo akabwera azikhala nacho pakhomo, chikhalirecho ulusi sanapotepo chibadwire, akumuphunzitsa ndi mdzukulu wake kuchokera m'buku. M'tinjira amangamo zingwe n'kuyanikapo zovala zouma kale, zosavalidwa ndi munthu aliyense, akuti zimakongola pachithunzi. Padoko ayalapo maukonde pa mabwato obooka amene anasiya kalekale kulowa m'madzi, pamene nsomba zimene tidzawaphikire alendowo zabwera pa lole zili zouma ndi ayezi. Ndinafunsa mnzanga wa kukhitchini ngati si bodza limeneli. Anangokweza mapewa nati, "Mlendo amalipira kuti apeze chimene anachilota kwawo."

Ndaika kandalama pang'ono ka mankhwala a ama.

Mphwanu,
Howard

*

Chintheche
7 Juni 1998

Mwana wanga Howard,

Ndine amayi ako. Moni. Asibweni ako umawalembera masamba awiri, ine wokubala umangonditchula kumapeto ngati mchere woiwalika. Kandalama kafika, ndagula mankhwala opaka. Sikanakwane, koma zikomo.

Akuti wakhala mfumu. Ufumu wanji wopatsidwa ndi anthu amene sadziwa ngakhale dzina la agogo ako? Ine sindikuumvetsa, koma asibweni ako akuti n'zaulemu, ndiye ndangokhala chete. Mafano awo okha usakawagwadire.

Kuno amuna apenga ndi katoni yakoyo isanafike n'komwe. Madzulo aliwonse ali pa mango kuguba, fumbi kobo, chinangwa chikuolera m'madzi. Ku msika wa pa Chintheche anakumana ndi a ku Kande, ndipo a Jeremiah, mkulu wa mpingo wathunthu, anaimirira pakati pa anthu nati, "Ku Bandawe mudzabwere ndi magalasi a dzuwa, nsalu ya ku Italiya imathobwa m'maso!" Tsopano nyanja yonse ikudziwa, kuyambira ku Kande mpaka ku Limphasa.

China n'chakuti yunifomu yakale ija kulibenso. Anati yangodzaza masutikesi. A Enos aidula n'kusokera ana makabudula a kusukulu, zotsala azimayi tatenga zosefera. Malaya a asibweni ako ndi amene ndikupukutira galasi la nyali. Ndinawauza kuti munthu sataya mkondo wakale watsopano usanafike m'manja, koma anandiyankha ndi Chingerezi.

Ukudya chiyani kumeneko? Akuti kondowole kulibe. Usabwere ndi mkazi wosadziwa kupala chinangwa. Denga la khitchini likudontha, dzinja lisanafike uganizepo.

Ndine amayi ako,
Bessie

*

Pietrasalda
30 Juni 1998

Asibweni,

Ndikhulupirira muli bwino. Ine thupi lili bwino. Kalata iyi muwerenge nokha, osati pa mango, ndipo ama musawauze.

Chikondwerero chatha. Ufumu uja ndauona.

Anandiveka nsalu ya katani kumutu, ndolo zamkuwa m'makutu ndi lupanga lathabwa. Asilikali anga anali anyamata a m'tauni momwemo atadzipaka polishi wa nsapato kumaso. Wina anandiuza moseka kuti ine ndiye ndawapulumutsira chitini chimodzi. Tinafika padoko pa bwato, anthu ali yakaliyakali, mabelu akulira. Tinamenyana mwamasewera, ine n'kugwa monga anandiuzira. Ndinkayesa zathera pomwepo.

Anandimanga chingwe m'khosi, asibweni. Chingwe chenicheni, cha bwato. Anandikoka kukwera phiri lonse, kumbuyo kwa fano la woyera wawo, m'tinjira tija ta zovala zouma. Anthu ali m'mawindo ankandigenda ndi tomato woola, amene komiti inagawiratu m'mabasiketi. Wina anandiphulikira pakamwa, fungo lake mpaka lero ndimalimva ndikaona supu. Gogo wa ulusi uja, amene ndimamunyamulira nkhuni, anagenda nawo, akumwetulira. Pabwalo la tchalitchi anandigwaditsa kuti ndipsompsone phazi la fanolo. Kenaka anandinyamula n'kundiponya m'chitsime cha pakati pa tauni, momwe nkhunda zimanyeramo.

Nditatuluka, alendo a basi ina anadandaula kuti anachedwa, sanajambule. Anandiponyanso.

Pokwera phiri lija ndinakumbukira phunziro lanu la mu Sitandade 6, la anthu a kwathu amene ankawayendetsa m'goli kupita ku Nkhotakota. Munatiuza kuti zinatha. Pano amazichita masiku atatu otsatana, ndipo pakhomo pamakhala tikiti.

Mudzafunsa chifukwa chake sindinakane. Tsiku loyamba sindinkadziwa. Masiku enawo ndinaganiza za mapepala anga okhalira kuno, amene ali m'manja mwa bambo Tullio, ndinaganizanso za yunifomu yanu. Bambo Tullio ndi okondwa kwambiri. Akuti alendo sanachulukepo chotere, chifukwa chaka chino anali ndi "weniweni". Anandipsompsona masaya onse awiri. Chimene chikundinyansa koposa n'chakuti munthuyu sakundida. Akuona ngati wandichitira zabwino.

Kodi katoni yafika? Mukavala mujambulitse, munditumizire. Ndikufuna kuona amuna a kwathu ataima chilili, atavala zoyera, mwina mtima ungatsike.

Howard

*

Chintheche
5 Julayi 1998

Howard,

Tili moyo. Kuchokera pa kalata yako ya mu Meyi sitinamvenso kanthu, kaya ufumu wakutangwanitsa.

Katoni yafika. Ndikufotokozera mwadongosolo mmene zinayendera, kuti udziwe chimene wachita.

Tinakaitenga ku positi ofesi pa njinga, anyamata akuimba malipenga m'mbuyo, azimayi akululutira. Pofika pa mango panali anthu ngati pa ukwati. Ena anachokera ku Kande, amati angodutsa. Tinaona kuti si bwino kutsegulira pagulu, ndiye tinalowa nayo m'nyumba mwa a Jeremiah, amuna a boma okhaokha ndi amayi ako, amene palibe chitseko chimene chinawaletsapo. Chimenechi chokha ndiye tinachita mwanzeru.

A Jeremiah anapemphera, kuthokoza Mulungu amene amaveka maluwa a kuthengo. Atatero anadula chingwe.

Pamwamba panali udzu. Udzu wapulasitiki, wachikasu, wosokerera ku lamba.

"Izi n'zotetezera," anatero a Enos. "Amaika kuti malaya asakwinyike. Pitirizani."

Tinachotsa udzuwo, mtolo ndi mtolo. Pansi pake panali nsalu ya mawangamawanga ngati chikopa cha kambuku, yodulidwa tizidutswa tosakwana kuphimba ngakhale mbale. Pansi pa izo mikanda ya mafupa, apulasitikinso. Kenaka mikondo yarabala, yoti ukaigwedeza imaweyula mutu ngati chinangwa chofota. Pansi penipeni chitini cha penti woyera ndi chithunzi chosonyeza mmene tidzipakire kumaso.

A Enos anagwadira m'katonimo n'kupapasa m'makona. Anaitembenuza, naigogoda. Munagwa kapepala kolembedwa dziko limene zinapangidwa, ndipo silinali ngakhale la mu Africa.

 Kenaka amayi ako ananyamula kachikopa kamodzi ndi zala ziwiri, monga mmene munthu amanyamulira khoswe wakufa, nati, "Achimwene, nanga a Dokotala aziyendera pati? Kolala yake ndi iti pamenepa?"

Palibe anaseka. Kunja anthu ankaimba, kudikira kuti tituluke titavala. Ndinatuluka ine, mphunzitsi wopuma amene sindinanamizepo kalasi, n'kuwauza kuti yunifomu sionetsedwa tsiku lake lisanafike.

Mphwanga, sindikukukalipira, ndikufunsa. Unawauza chiyani anthu amenewo za ife? Agogo ako anali kalaliki ku Joni, ankasita ngakhale kampango kopukutira thukuta. Kwathu kuno ndani anavalapo udzu? Zibiya zenizeni, zija amavala m'chiuno, zili ndi eni ake Angoni kumapiri uko, ndipo iwo amazivala ndi ulemu wake, za zikopa zenizeni, pa gule wawo. Izi si za Angoni, si za Atonga, si za mtundu uliwonse umene Mulungu analenga. Ndi zovala za munthu amene kulibe.

Yakale tinadula. Ku Bandawe tinavomera. Ndiuze tichite chiyani.

Moni kwa Mfumu ya Asaraseni. Tikhulupirira chisoti chikukukhala bwino.

P. Longwe

*

Pietrasalda
2 Ogasiti 1998

Asibweni,

Kalata yanu ndailandira dzulo. Ndaona kuti munalemba yanga ya pa 30 Juni isanakupezeni, choncho za chisoti sindikuzisunga kumtima.

Ndinapita nayo kwa bambo Tullio nthawi yomweyo. Sanabise kanthu, anadabwa kuti ndakwiya. Anati, "Howard, anthu anga sangakhale mu ndege usiku wonse kuti akaone mawetala akuguba. Mawetala tili nawo konkuno." Ndinawauza kuti amenewo si mawetala, ndi boma. Anati ndi zomwezo. Kenaka anandisisita paphewa nati ndisavutike, yunifomu yoyera aisoketsa monga mwa miyeso ija, abwera nayo okha m'masutikesi, ndipo adzaipereka mukatha kuvina mutavala zinazo.

Kanani, asibweni. Ndagwira mwendo wanu, kanani. Pitani ku Bandawe ndi malaya a ku tchalitchi, kapena musapite n'komwe. Chingwe anandimasula tsiku lomwelo, koma chithunzi changa chili pa mapositikhadi m'sitolo iliyonse ya m'tauni ino, ndili chogwada, tomato ali kumaso. Ndimadutsa pamenepo m'mawa uliwonse pokagula buledi.

Mulungu athamangitse kalata iyi.

Howard

*

Chintheche
6 Sepitembala 1998

Wokondedwa mphwanga Howard,

Moni wa chikondi. Amayi ako ali bwino, ndipo monga unapempha, sindinawauze. Makalata ako awiri afika pamodzi Lachinayi lapitali, atamangidwa ndi labala imodzi. Akuti thumba la makalata linagona kwina. Ndawerenga ya chingwe ija ndili pakhonde, ndipo ndinalephera kudya. Mawu anga a chisoti aja undikhululukire. Ndinaponya mwala mumdima osadziwa kuti pali mwana wanga.

Unati tikane. Kalata inafika zonse zitachitika. Ndikuuza mmene zinayendera, pakuti uli ndi ufulu wodziwa.

Bambo Tullio anafika pakati pa Ogasiti ndi alendo awo, nakhala ku loji ina ku Kande. Anabwera pa mango ndi sutikesi, naitsegula. Howard, nsalu imene ija sindinaionepo. Yoyera ngati thovu la mafunde, kolala yoima yokha popanda sitachi wa chinangwa, dzina la munthu aliyense litasokedwa mkati. A Enos anaisisita ndi kuseri kwa dzanja, misozi ili m'maso. Atatero bamboyo anatseka sutikesi, nati adzatipatsa tikavina titavala za m'katoni zija, tionana Lachitatu ku loji.

Tinakhala pansi kukambirana. Ine ndinati tikane. A Jeremiah ananditembenukira nati, "Aphunzitsi, inu mwawerenga mabuku, tandiuzani. Manyazi a ola limodzi pamaso pa anthu amene sadzationanso, ndi manyazi a moyo wonse pamaso pa Zacharia, olemera ndi ati? Kuli mpanda kulojiko. Tikavina, tikasamba, zatha."  Onse anatsatira Kingi. Ine ndinati sindivala, koma sindingawasiye okha. Choncho ntchito yanga tsiku limenelo inali yosunga mathalauza.

Anavulira kuseri kwa khitchini, pafupi ndi mabini a zinyalala. Sindidzaiwala. Amuna amene ndakhala nawo pa Mgonero zaka zonsezi, ali mimba pamtunda, zipsera za opaleshoni poyera, akupakana penti kumaso ndi zala. A Jeremiah, a zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, kachikopa kaja kanakana kukumana kumbuyo, mpaka tinamangira ndi chingwe cha nsapato. Anandipatsa magalasi awo kuti ndisunge, poti bamboyo anati magalasi akuononga chithunzi. Mawotchi onse anavulidwa. Dokotala wathu, mwa chizolowezi, anayamba kuyendera mzere. Atafika pa munthu wachiwiri anaima, nabwerera pamalo pake.

Anayamba bwino, mwendo wa malipenga weniweni, wodekha, wonyada. Bambo Tullio anaimitsa. Akuti n'zozizira. Akuti adumphe, akuwe, agwedeze mikondo, atulutse maso. Anachita kuwaonetsa okha mmene munthu wa ku Africa amavinira. Ndipo amuna a Gilasigo anadumpha, mphwanga. Anakuwa. Udzu uja unkathothoka n'kumagwera m'mbale za alendo. Mayi wina anakwera pamsana pa a Enos kuti amujambule. Ine ndinaima pambali ndi mtolo wa mathalauza.

Chimene tonse tinaiwala ndi ichi: mpanda wa loji uli mbali zitatu. Mbali yachinayi ndi nyanja. Ndipo Kande ndi kwawo kwa a Joni. Nditatembenuka ndinaona mabwato atandandalika pamadzi, asodzi atasiya nkhafi, ana ali pamapewa pa abambo awo. Pa bwato lapakati panali a Zacharia, atavala jekete ndi tayi, atafunda ambulera. Sanaseke. Anangovula chipewa, natiweramira.

Yunifomu anatipatsa, sananame. Aliyense inamukwana ngati anabadwa nayo.

Ku Bandawe tinapita, inenso ndinalowa pamzere. Kunena zoona, chiyambire sipanaonekepo boma lovala ngati ife tsiku limenelo. Titatulukira, bwalo lonse linati zii, ndipo ndinaganiza kuti mwina a Jeremiah ananena zoona. Tinaguba mpaka pakati. Pamenepo kamwana kena m'gulu la anthu kanalira ngati kambuku. Wina anayankha mbali ina. Kenaka a Joni anayambitsa nyimbo imene anaikonzeratu, azimayi awo akuthira mang'ombe. M'Chichewa ingamveke chonchi:

Wavala zoyera, mwana wa Gilasigo,
tavula tione, mawanga ali mkati.

Bwalo lonse linailandira, ngakhale azimayi a kwathu ena ndinawaona akugwira pakamwa. Tinavina mpaka kumapeto, palibe anaphonya phazi. Titatuluka, a Jeremiah anandipatsa ndodo yawo ya ukingi, nati, "Mundisungire, aphunzitsi," monga anandipatsira magalasi aja. Mpaka lero sanaitenge, ndipo Lamulungu lapitali sanabwere ku tchalitchi. Dzina la Gilasigo silikumvekanso. Kumsika, kudoko, ngakhale ana a sukulu, akuti Akambuku. Yunifomu ili m'masutikesi, ndipo palibe amene akufunsa za kuguba.

Usadziimbe mlandu. Iwe unafuna kutiveka. Za mapepala ako uganize mofatsa. Ukaona kuti chaka chamawa chingwe chikukudikiranso, bwerera. Chinangwa chilipo, ndipo pano sitigenda munthu ndi tomato, timangomuimba nyimbo.

M'kaphukusi aka ndaikamo chovala chimodzi chathunthu: udzu, kachikopa, mafupa, ndi penti wotsala. Ndachichapa ndi kuchisita mmene ndikanathera. Upite nacho kwa bambo Tullio nthawi imene ali okondwa, ndipo usakweze mawu. Uwauze kuti Ajitanti wa ku Chintheche akupereka moni, ndipo akuti popeza iwo ndi amene amaudziwa bwino gule ameneyu kuposa ife, akuwapempha mwaulemu kuti achiyeseko okha. Lamulungu lina lililonse, anthu akamatuluka m'tchalitchi, avule magalasi ndi wotchi, ayende nacho pang'ono pabwalo la tauni yawo, pamaso pa akazi awo ndi anzawo amene anakula nawo. Sikofunika kudumpha. Anati chimakwana aliyense.

Sibweni wako wokukonda,
Peterson Longwe